Marlene Dombek ndi Oliza Hutala Ake

Ntchito yanga kwa Marlene Dombek inali yotukwana. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi zoona, ndipo ndinkaigwira bwino kuposa anzanga onse. Nditapuma ntchito kukhitchini ya sukulu ya sekondale ndinatsala ndi mawondo otupa ndi pakamwa posatopa, ndiye Marlene, mnzanga amene tinakulira mumsewu umodzi muno mu Corbin Mills, anati mphatso yotere siyenera kuwolera pakhonde. Lachiwiri ndi Lachinayi masana ndinkatsatira thiraki ya ophunzira ake pa galimoto yanga, dzanja pa hutala, mutu kunja kwa windo, ndikulalatira munthu wamkulu amene sanandilakwire kanthu. Limeneli ndilo linali phunziro la Marlene, limene khonsolo ya tauni yathu inafuna kuliletsa chaka chatha, ndipo iye analibe china chimene ankachisamala kuposa limeneli.

Phunziroli linali la mlatho wa njanji, wa pamsewu wa Tanner. Anaumanga nthawi imene katundu ankayenda pa ngolo za akavalo, ndipo eni njanji akuti sangaukweze chifukwa ndiye kuti akweza njanji yonse kuchokera kumtsinje. Mpata wa pansi pake ndi mafiti khumi ndi limodzi, pamene ngolo ya thiraki, chibokosi cha katundu chija, imatalika mafiti khumi ndi atatu ndi theka. Samu imeneyi ndi mwana wa pulayimale yemwe angaithe. Zikwangwani zilipo, nyale zachikasu zophethira zilipo, chitsulo cha kutsogolo anachipaka utoto wachikasu wothobwa m'maso. Komabe chaka sichitha mlathowo usanatsegule ngolo ya munthu pamwamba ngati chitini cha nsomba. Ife a muno phokosolo timalidziwa. Tikalimva sitidzuka n'komwe pampando, timangoti, "Wadyanso."

Marlene anayendetsa mathiraki zaka zambiri asanakhale mphunzitsi. Ananyamulapo mkaka, mapepala, maapozi nthawi yokolola, ndi mchere wothira m'misewu nyengo ya chipale chofewa. Ndi mayi wamfupi wa mapewa otambalala. Khutu lake lakumanzere linagontha ndi mphepo ya pawindo, ndipo amatsimphina pang'ono chifukwa cha zaka zokwera ndi kutsika masitepe a thiraki. Ngakhale ali m'kagalimoto kanga amaweramitsa mutu tikamadutsa pansi pa mlatho, ndipo chikwangwani chilichonse cha kutalika amachiwerenga mokweza, kaya ndi cha poimika magalimoto kuchipatala. Ndinamuuza kangapo kuti zimandinyansa, koma khutu limene ndimalankhulirako ndikamayendetsa ndi logontha lija, ndiye sindinganene kuti anamva.

Mwamuna wake, malemu Ray, nayenso anali dalaivala, munthu wofatsa mopitirira, wopepesa ngakhale kwa amene wamuponda phazi. Ray ndi amene anagunda mlatho, osati wathuwu ayi, wina kutali ku Pennsylvania. Thupi silinakhudzidwe, koma ngolo inathera pomwepo, ntchito nayo inathera pomwepo, ndipo kampani iliyonse imene ankapitako inkangoti tidzakuimbirani foni. Anakhala pampando wa pawindo akuonera mbalame mpaka matenda a mtima anamutenga. Marlene anamufunsa kamodzi kokha ngati chikwangwani sanachione.

"Ndinachiona," anatero Ray. "Ndinaimanso. Koma kumbuyo kunali anthu, Marlene. Mahutala. Wina anabwera n'kumenya chitseko, akuti pita, ukwana, mnzako wadutsa pompano. Ndinaona kuti ndikuwachedwetsa."

Atayamba ntchito pasukulu ya madalaivala ya a Vince Carbone, Marlene ankaphunzitsa zonse zimene ena amaphunzitsa. Yeza ngolo yako wekha usananyamuke. Lemba kutalika kwake pamene maso ako amagwera. Ngolo ikatsitsa katundu imakwera pang'ono, ndiye pamene unadutsa m'mawa si ndiye kuti udutsanso pobwerera. Mapu a pafoni anawapangira magalimoto ang'onoang'ono, ndipo adzakulowetsa pamene sukwana mawu ake ali ofatsa. Koma ankati zonsezi ndi za m'mutu, ndipo tsiku lakelo mutu sugwira. Ankati dalaivala saopa mlatho, amaopa anthu amene ali kumbuyo kwake, ndipo kuima dziko lonse likumukuwiza munthu saphunzira atakhala padesiki.

Ndiye anatisonkhanitsa ife okalamba osowa chochita: ine, a Gus Lindqvist amene kale anali ndi butchala, ndi amayi awiri a m'kwaya ya kutchalitchi, amene zotuluka m'kamwa mwawo zinandidabwitsa ndi ine ndemwe. Malipiro athu anali madonasi ndi khofi. Ine khofi adokotala anandiletsa kalekale chifukwa cha mtima, ndiye ndinkalipidwa theka.

Wophunzira sankauzidwa kanthu. Marlene ankakhala pampando wa pambali, n'kungoti khotera kumanzere apa, mu Tanner, kenaka n'kutseka pakamwa. Ife tinkadikira pamalo omwetsera mafuta, thiraki ikangodutsa n'kuitsatira.

Ndikukumbukira bwino tsiku la a Senad, bambo wa ku Bosnia wa ndevu zaimvi, amene anayamba kuphunzira thiraki fakitale yawo itatsekedwa. Za m'kati mwa thirakimo Marlene anatifotokozera pambuyo pake.

"Aphunzitsi, kutsogoloku kuli mlatho," anatero a Senad.

"Ndauona."

"Sitikwana."

"Inu bambo, mukuuza ine? Chiwongolero chili m'manja mwa ndani?"

A Senad anaponda buleki. Pamenepo ndi pamene ife tinkayambira. A Gus ankangogona pa hutala osachotsapo dzanja, amayi a kwaya ankalandizana, ine n'kutsitsa galasi.

"Iwe! Wagona? Tikubweretsere bulangete? Laisensi imeneyo unachita kutola? Ena tili ndi kopita ife!"

Kenaka mawu amene Marlene anandipatsa yekha, oti ndisawaiwale tsiku ndi limodzi lomwe: "Pita, ukwana! Mnzako wadutsa pompano!"

Nyale za buleki zinazima. Chithiraki chinayamba kukwawa. Bambo amene anali atangonena ndi pakamwa pawo kuti sitikwana anali akupita, ndipo akanalowa ndithu Marlene akanapanda kukoka buleki yaikulu ija, mpweya n'kulira tsiii. Anawasiya apume, kenaka anawachititsa chimodzichimodzi: yatsani nyale zophethira, tsikani, ikani zizindikiro zofiira kumbuyo, imbirani apolisi, ndipo muime pamenepo muwayang'ane kumaso amene akukutukwananiwo. A Senad anatsika malaya atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno. Anabwera pawindo langa n'kuti, "Pepani mayi, pepani kwambiri."

"Musamupepese!" anakuwa Marlene. "Mwamulakwira chiyani? Mwaima basi. Akachedwa kukadyetsa mphaka wake, mphakayo safa."

Tsikulo a Senad anakana kulandira donasi m'manja mwanga. Koma mpaka lero amatumizira Marlene zithunzi za milatho imene aimapo, ku Chicago, ku Boston, ndi kwina kumene sindinafikeko. Marlene amaziyang'ana kamodzi n'kubwezera foni m'thumba. Sanadzitamepo nazo. Ankati mlatho umene sunagundidwe sulembedwa munyuzi, ndiye palibe amene angadziwe ngati ntchito yake ikuthandiza, ngakhale iye mwini.

Vuto linali lakuti kumbuyo kwa ife anayi kunkabwera anthu enieni. Msewu wa Tanner ndi umene umalumikiza kumene timakhala ndi kutsidya kwa njanji, kumene kuli chipatala, positi ofesi ndi nyumba ya khonsolo. Njira ina ndi yozungulira kumtsinje. Poyamba anthu ankaseka. Ena ankachita kutsegula mawindo kuti amve zimene ndinene lero. Mawu anga aja anafalikira tauni yonse. Munthu akamavutika kuimika galimoto kusitolo, wina ankamukuwira kuti pita, ukwana. Bambo akamalimbana ndi buluku lothina, mkazi wake naye pita, ukwana. Ine, kunena zoona, zinkandikomera. Koma chosangalatsa chaka choyamba chimatopetsa zaka zikachuluka, ndipo anthu zinawakwana.

Amene anabwera kudzalankhula maso ndi maso anali mayi Ostrander, a m'khonsolo, amene ntchito yawo ndi yoyendera okalamba m'nyumba kukawabaya jakisoni wa shuga. Sanabwere mwaukali. Anatipeza tikudya madonasi pabwalo la sukulu.

"Mayi Dombek, chimene mukuchita ndikuchimvetsa. Koma dzana munthu wanga anadikira mankhwala mpaka kuyamba kunjenjemera, ine nditakhala kumbuyo kwa sewero lanu. Bwanji osamachita Lamulungu m'mawa, msewu uli zii?"

"Ndinayesa," anatero Marlene. "Ophunzira amayang'ana pagalasi n'kuona nkhalamba zinayi. Munthu saopa nkhalamba zinayi."

"Ndiye mukufuna ife tizikhala zoopsezera zanu."

"Ndikufuna asadzaphe munthu pansi pamenepo."

"Inenso sindikufuna wanga afe akudikira. Msewuwu si kalasi yanu, mayi."

Pakamwa panga panali patayabwa kale, koma mayiwa sankanama.

Khonsolo inaika tsiku, Lachitatu lina masana m'mwezi wa Sepitembala. Ofuna kuletsa mathiraki a ophunzira pamsewu wa Tanner adzalankhula, Marlene adzayankha, kenaka adzavota. Ndipo wosapezekapo dzina lake likamaitanidwa, adzavota popanda iye. Sabata yonse Marlene ankabwera kukhitchini kwanga kudzayeserera mawu. Si munthu wa pagulu. Thiraki amatha kuibweza m'mbuyo kulowa pampata pamene ine ndi kagalimoto kanga ndingachite mantha, koma ziganizo zitatu zotsatizana zimamutulutsa thukuta. Anali atavomera kugonja pang'ono: kamodzi pa sabata, ndipo azidziwitsiratu a chipatala ndi mayi Ostrander.

"Yambanso," ndinkamuuza. "Ukulankhula ngati ukuwerenga malamulo a pamsewu. Agona onse."

"Nanga ndinene bwanji?"

"Nena za Ray."

"Ray sankafuna kuchedwetsa anthu ali moyo, ndiye ndikawachedwetse naye atafa?"

Ndinamukakamira mpaka anavomera. Nkhani imeneyo anali asanaitchulepo pagulu chimwalirireni mwiniwakeyo, ndipo poyeserera ankayang'ana fuliji, osati ine.

Tsikulo anavala diresi lakuda limene anavala poika maliro a Ray, ndi nsapato zimene zinkamuluma. Ndinamutenga pa galimoto yanga. Tisanakhotere mu Tanner tinapeza mzere wa magalimoto utaima, ndipo kutsogolo kunkalira mahutala, osati awiri kapena atatu, koma ambiri ngati a ukwati. Marlene anatsitsa galasi.

"Loretta, lero ndi Lachingati?"

"Lachitatu."

"Thiraki yathu ili pabwalo, makiyi ali m'chikwama changa. Nanga ameneyo ndi ndani?"

Tinatsika. Patsogolo pa mlatho panali thiraki yoyera ya nambala za kutali, nyale zake zikuphethira. Dalaivala anali ataima, ndipo anachita bwino. Koma tauni yonse inali itagamula kale kuti ameneyu ndi wophunzira wa Marlene, kuti mayi uja wachita dala tsiku lomwelo la mlandu wake pofuna kuonetsa khonsolo kuti saopa munthu. Palibe amene anaimbira apolisi. Sewero saliitanira apolisi. Anthu anali atatsika m'magalimoto, ena akuseka, ena atapsa mtima zenizeni, ndipo onse ankaimba nyimbo imodzi, amuna a pakhomo pa bala, amayi okatenga ana kusukulu, mpaka wogawa makalata: "Pita, ukwana! Pita, ukwana!" Kumbuyo kwenikweni kwa thirakiyo kunali a Gus, atavala taye, ali paulendo wokatiikira kumbuyo kukhonsolo, atagona pa hutala mokhulupirika monga anaphunzitsidwira.

Sindinkadziwa kuti mawu anga aja amanyansa choncho mpaka nditawamva m'kamwa mwa anthu ena.

Nyale za buleki zinazima.

Marlene anavula nsapato n'kundiponyera. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wotsimphina, anathamanga ndi masokosi okha pakati pa magalimoto, diresi ataligwira m'manja. Anthu atamuona anakuwa kwambiri, ena akuomba m'manja, poganiza kuti mwini sewero wafika. Iye sanayang'ane munthu. Anadutsa m'mbali mwa ngolo n'kukaima kutsogolo kwa injini, pansi penipeni pa mlatho, manja m'mwamba. Ndinatsinzina, sindikubisa. Nditatsegula maso thiraki inali itaima, mphuno yake italowa kale mumthunzi, ndipo pakati pa denga la ngolo ndi chitsulo chachikasu chija panatsala mpata woti mphaka sangadutse.

Nditafika ndikupuma wefuwefu, dalaivala anali atatsegula chitseko. Anali bambo achikulire a kumwera, dzina lawo, Eladio, litasokedwa pathumba la malaya, ndipo m'manja mwawo munali foni. Foniyo ndi imene inawabweretsa mu Tanner.

"Akuti ndikwana, mayi," ankangobwereza. "Anthu a konkuno, onse akuti ndikwana. Ndinati mwina chikwangwani n'chakale."

"Akunama," anatero Marlene, mpweya ukumuperewera. "Bodza limenelo ndinawaphunzitsa ndine. Kokani buleki yaikulu. Kokani, ndimve."

Mpweya unalira tsiii. Ine ndinaimbira apolisi, ndipo wolandira mafoni anayamba wandifunsa kawiri ngati si a kusukulu aja. Kenaka ndinamugwira mkono Marlene. Nyumba ya khonsolo inali pafupi, kungodutsa pansi pa mlatho wapansi n'kukwera kamtunda.

"Pita, Marlene, ayamba kale. Ine nditsala nawo mpaka apolisi abwere."

"Iwe? Ungabweze thiraki iwe? Ngolo ya musitolo yomwe imakukanika."

"Abweza apolisiwo."

"Abwera liti?" Anayang'ana m'mwamba, kwa a Eladio, amene ankayang'anabe pagalasi kumene kunkachokera mahutala. "Ukawasiya okha ndi phokosoli, ayambanso kuganiza."

Ndiye anayamba, galimoto imodziimodzi, kuyambira ya a Gus, amene atamvetsa zimene zachitika anavula taye n'kubweza galimoto yawo. Anagogoda pawindo lililonse kuti bwererani, khoterani apa, inu dikirani. Ena anamutukwana m'maso. Mmodzi anamuuza kuti lero ndiye mwadzimanga nokha, mayi. Iye sanafotokoze kanthu, analibe mpweya wofotokozera. Msewu utayera anayenda chafutambuyo kumbuyo kwa ngolo, dzanja likukupiza pamene a Eladio angalione pagalasi, mpaka pabwalo la fakitale yakale ya mapepala pamene thiraki imatha kutembenuka. Apolisi anafika ntchito itatha. Masokosi anali atabooka, ndipo zala zinkatuluka magazi.

Titafika kukhonsolo tinapeza akusanja mipando. Mayi Ostrander anatsala kutidikira pakhomo.

"Tinakudikirani pang'ono," anatero. "Kenaka anayamba kulowa amene anachokera mumzere uja, ndipo mukudziwa mmene analowera. Aletsa."

"Chabwino."

"Ndangomva kumene kuti sanali wanu."

"Sanali wanga."

"Mukhoza kudzapemphanso. Ndidzanena ndine kuti simunamvedwe."

Marlene anayang'ana mapazi ake. "Ayi mayi, zisiyeni," anatero.

M'galimoto ndinalalata njira yonse. Ndinalalatira khonsolo, tauni, a Gus, eni njanji ndi amene anapanga mafoni. Anandisiya mpaka nditatopa.

"Loretta, ndinkati ndikuphunzitsa madalaivala kuima," anatero. "Kani ndinkaphunzitsanso tauni yonse kukankha. Bambo aja ndikanawapha ndine. Ndatopa, mnzanga. Ndatopa kwambiri."

Za Ray sanazinene kwa wina aliyense mpaka lero.

Ntchito sanasiye, akasiya adya chiyani? A Vince anamuimikira mitengo iwiri pabwalo la sukulu n'kupachikapo paipi ya pulasitiki yopaka utoto wachikasu, ndipo umenewo ndiwo mlatho wathu tsopano. A Gus sanabwerenso. Amayi a kwaya amabwera akafuna. Ine ndimabwerabe, hutala ndimaimbabe, koma mawu aja sinditchulanso, ndipo Marlene sanandifunsepo chifukwa chake. Ophunzira amaima bwinobwino. Alekerenji kuima? Kumbuyo kwawo kuli gogo mmodzi ndi mpanda.

M'gulu loyamba la pabwalo munali Tyrell, bambo wa ana awiri wochokera kumzinda, wa manja abwino pachiwongolero kuposa onse amene Marlene anaphunzitsapo; anatero ndi Marlene mwini, amene sayamikira wamba. Ankaima patali ndi paipi, kuyatsa nyale, kutsika, kuika zizindikiro, zonse mwadongosolo, n'kubwera pawindo langa akuseka.

"Agogo, lero mwafooka. Onjezerani moto, mwina ndichita mantha."

"Choka apa, wopanda mwambo iwe."

"Aphunzitsi, ndakhoza?"

"Wakhoza," anatero Marlene.

Anamuuza za msewu wa Tanner monga amauzira onse, ndipo Tyrell anagwedeza mutu kuti wamva. Anamusainira chifukwa panalibe chimene analakwitsa. Atachoka, Marlene anandiuza kuti, "Sindinamuonepo atagwidwa manyazi. Sindikudziwa kuti akagwidwa manyazi amakhala munthu wotani."

Mwezi wathawu, chipale chitangosungunuka, tinali pabwalo ndi gulu latsopano, dzuwa lili paliwombo. Phokoso linachokera kunjanji, lija timalidziwa tonse, guu, kenaka kung'ambika kwa malata kwautali. Ophunzira anatembenuka. Marlene, ndi khutu lake limodzi, analimva bwinobwino, koma sanatembenuke. Anapitiriza kumanga chingwe cha paipi, ngakhale chinali chomangidwa kale.

"Loretta, pita ukaone," anatero motsitsa mawu. "Ukapeza kuti ndi mlendo, ubwere msanga undiuze. Ukapeza kuti ndi wa pabwalo pano, usafulumire."

Ndinapita. Ngolo inali itatseguka pamwamba mpaka pakati, makatoni ali mbwee mumsewu, anthu ataima m'mbali ali chete. Mayi wina anandiuza kuti poyamba anaima ndithu, kwa kanthawi. Dalaivala sanavulale. Anali atakhala m'mphepete mwa msewu, nkhope m'manja, ndipo ndinamuzindikira asanadzutse mutu. Sanandione, ndipo sindinamuitane.

Pobwerera ndinaima pakamalo kodyera ka pakona. Ndinaitanitsa khofi, kapu yaikulu, n'kukhala nayo pawindo mpaka inazizira. Mtsikana woperekera anandifunsa kuti kodi si inu amene adokotala anakuletsani. Ndinati inde ndine, ndipo andibweretsere ina.